Nthoci Zikuoneka, Nkhope Palibe

Mnyamata wina wa kwa Sandwe, amene ndinamuphunzitsapo ku sekondale, anandibweretsera zithunzi 36 zimene anajambula usiku pa filimu ya Ilford HP5, ndi kamera ya malemu atate ake. Zambiri anajambula pa Nyimba, pomwe mabasi a mu mseu wa Great East amaima, zotsalazo kumudzi kwawo. Anzake pa Facebook akuzitama kuti n'zakuya. Ine ndaziyang'ana sabata yathunthu, ndipo dandaulo langa ndi limodzi cabe: anthu sakuonekamo.

Tengani cithunzi ca nambala 7. Mayi akugulitsa nthoci pansi pa babu ya sola. Babuyo yayera mbee, nthoci mungaziwerenge imodziimodzi, maluwa a pa citenge akuoneka. Koma pamene payenera kukhala nkhope pali cinthu cakuda bii, ngati wina wadulapo ndi lumo. Anzake aja akuti ndilo luso. Ndinakweza negativu pawindo, ndipo pamalopo m'poyera ngati galasi. Kuwala sikunafikepo n'komwe.

Zifukwa zilipo ziwiri. Coyamba ndi mita ya m'kamera. Mita siidziwa munthu; imasonkhanitsa kuwala konse kumene ikuona n'kupereka muyezo wapakati. Babu ikalowa m'cithunzi, mita imaganiza kuti malowo ndi owala, ndiye imakuuzani kuti mucepetse kuwala kolowa. Caciwiri, filimuyi liwiro lake ndi 400, koma iye anaijambulira pa 1600, n'kuuza otsuka kuti aisiye nthawi yaitali m'mankhwala. Kucoka pa 400 kufika pa 1600 ndiye kuti filimu yalandira gawo limodzi mwa magawo anayi a kuwala kumene imafuna. Kutsuka kwa nthawi yaitali kumakuza zimene zinalembeka kale: zowala zimawalitsitsa, timadontho ta filimu timakula. Koma pamene sipanalembeke kanthu, mankhwala sangalengepo maso kapena milomo.

Apa m'pamene khungu lathu likulowera. Nkhope yakuda imabweza kuwala kocepa poyerekeza ndi nthoci yakupsa, makamaka babu ikakhala pamwamba pa mutu, duku n'kucita mthunzi. Kwa zaka zambiri kampani ya Kodak inkayezera mitundu ya zithunzi ndi makhadi okhala ndi mzimayi wacizungu, ochedwa Shirley. Nkhani imeneyi ndi yoona, koma mnyamata wanga asabisale kumbuyo kwake. HP5 imagwira bwino nkhope yakuda mukaipatsa kuwala kokwana. Akanayandikira, n'kuyeza kuwala pa tsaya la mayiyo babu ili kunja, n'kutsegula lenzi mpaka f/2, shata pa 1/30, iye atatsamira pa basi kuti manja asanjenjemere, babu ikanapsa ndithu koma mayi akanakhalapo.

Umboni uli pa nambala 19, cithunzi cimene ndingacipacike pakhoma. Kamnyamata kakuocha cimanga, kawerama kuti kauzire moto wa pa mbaula. Nkhope ili pafupi ndi makala, kuwala kukucokera pansi ndi m'mbali, ndipo mukuona thukuta pa mphuno ndi diso limodzi lotsinzina cifukwa ca utsi. Dzanja lacita cimbuuzi cifukwa linali kuyenda, koma zimenezo sizikundivuta. Timadontho takulutakulu tija pano tikugwirizana ndi phulusa.

Za kumudzi ndi zacisoni. Kwa Sandwe, kufupi ndi nkhalango ya South Luangwa, usiku umawala ndi moto, tochi ya foni ndi mwezi ukakhalapo. Iye anaika kamera pa mtondo, mita inati masekondi 10, iyenso anawerenga 10. Koma filimu ikapitirira sekondi imodzi imayamba ulesi, ndipo pa HP5 masekondi 10 a mita amafuna pafupifupi 20. Brassaï, amene buku lake la Paris de nuit likali kuphunzitsa ojambula usiku, ankaimika kamera pa miyendo itatu n'kudikira moleza mtima. Akuluakulu okhala pamoto amatha kukhala phee masekondi 20, bola muwapemphe.

Kupempha kumeneko ndiko akukuthawa. Nditamufunsa za fulashi anati imapha mzimu wa usiku, kenako anavomera kuti safuna anthu amuone akujambula. Malick Sidibé wa ku Bamako ankalowa m'madansi a acinyamata ndi fulashi poyera, ndipo pa Nuit de Noël ca mu 1963 anthu awiri ovina aja akuoneka nkhope mpaka mapazi. Ankadziwa kuti wojambula alipo, ndipo usiku sunafe. Sindikuti fulashi ndiyo yankho pa Nyimba. Ingafafanize kuwala kwa mbaula kuja. Koma simungayeze kuwala pa tsaya la munthu muli kutsidya la mseu. Muyenera kuoloka, kupereka moni, mwina kugula nthoci za K10.

Cithunzi ca nambala 33 akuti ndi ambuya ake, akukazinga nsawawa. Ndinayang'ana negativu pawindo, ndinaiyang'ananso pa tochi. Moto ulipo, ndi m'mphepete mwa ciwaya.