ULENDO WA MKRISTU: KODI MOYO WOSATHA UYAMBIRA KUTSIDYA KWA MTSINJE?

Abale ndi alongo otsogolera makalasi,

Ophunzira akamaliza buku loyamba, zilembo zitayamba kugwirana m'mutu, funso lanu limakhala limodzimodzi: nanga tsopano tiwapatse ciani coti aziwerenga? Buku lina limene ambiri amaliganizira ndi Ulendo wa Mkristu, la John Bunyan, limene m'Cipwitikizi dzina lake ndi O Peregrino. Yankho lathu ndi ili: inde, liwerengeni, koma liwerengeni lonse, zigawo ziwiri. Cigawo coyamba pacokha cingathe kuphunzitsa munthu kuti moyo wosatha uli kutali, ndi kuti Mulungu adziwika ndi okhawo ali ndi mapepala. Maina a anthu a m'nkhaniyi tawamasulira tokha, popeza mabuku amene muli nawo ndi a zinenero zosiyana.

Mlembi wake

Bunyan anabadwa m'caka ca 1628 ku Elstow, pafupi ndi Bedford, ku England. Nchito yake inali ya atate wake, kukonza mapoto obooka. Sukulu anangoilawa, ndipo iye mwini anabvomera kuti zocepa zimene anaphunzirazo sanakhalitse nazo. Ali ndi zaka 16 analowa usilikali pa nkhondo ya paciweniweni ya m'dziko lawo. Mu 1660 anamangidwa cifukwa colalikira popanda cilolezo, nakhala m'ndende zaka 12, kufikira 1672. Kunyumba anasiya mkazi wake Elizabeth ndi ana anayi, mmodzi wa iwo, Mary, ali wosaona. M'ndendemo ankakonza zingwe zomangira nsapato ndi zobvala kuti banja lipeze cakudya. Cigawo coyamba ca bukuli cinasindikizidwa mu 1678, caciwiri mu 1684, ndipo iye anamwalira ku London mu 1688. Kucokera pamenepo bukuli lamasuliridwa m'zinenero zoposa 200, ndipo pafupifupi 80 mwa izo ndi za muno mu Afrika.

Izi auzeni ophunzira musanayambe mutu woyamba. Mayi amene wagwira pensulo koyamba ali ndi zidzukulu ayenera kumva kuti mlembiyu sanali wa sukulu zapamwamba.

Pamene pali mphamvu yake

Bunyan salankhula za m'mitambo. Afuna kunena za chimo, akuonetsa munthu wobvala nsanza, katundu wolemera ali kumsana. Afuna kunena za kutaya mtima, akuonetsa dambo la thope pamene munthu atitimira mpaka m'ciuno. Yesero ndi msika wodzaza malonda, kukaika ndi ndende ya cimphona. Munthu wa kumudzi safuna womasulira kuti amve zimenezi, pakuti katundu wasenzapo, ndipo thope la m'dzinja alidziwa. Nkhani iyenda m'zidutswa zifupizifupi, anthu akuyankhana, cotero wina angathe kuwerenga mau a Mkristu, wina a Mlaliki, kalasi yonse ndi kukhala maso.

Ndiponso kwathu kuno nkhani ya munthu wothawa m'mudzi woti uonongeke si nthano iai. Pa nkhondo imene inatha ndi pangano la ku Roma pa 4 Okutobala 1992, anthu athu pafupifupi miliyoni imodzi anathawira ku Malawi, ocuruka a ku Tete, Zambézia ndi Niassa. Amene anaona masiku amenewo akamva za Mkristu akutuluka m'Mudzi wa Cionongeko, sayamba afunsa tanthauzo lake.

Pamene cigawo coyamba citsimphina

Koma taonani mmene ulendowo uyambira. Mkristu ayamba kuthamanga, mkazi ndi ana akumuitana pakhomo kuti abwerere, iye ndi kutseka makutu ndi zala, akufuulira moyo wosatha. Kucokera apo moyo umenewo uli patsogolo pokhapokha: kuseri kwa cipata, kuseri kwa phiri, kutsidya kwa mtsinje wopanda mlatho. M'cigawo conseci Mkristu salima, saphika, salera mwana, sayenda kumaliro. Anansi ake ndi omugwira mwendo, msika ndi msampha.

Tisamunamizire Bunyan. Pa Nyumba Yokongola, namwali Cikondi afunsa Mkristu za mkazi wake ndi ana ake, ndipo iye alira misozi, nafotokoza kuti anawadandaulira koma anakana. Mlembi mwini anaidziwa mitengo ya kusiya banja, pakuti kulalikira kunamcotsa pa mwana wake wosaona. Komabe wophunzira amaiwala mafotokozedwe, cimene cimakhala ndi cithunzi, ndipo cithunzi cake ndi ca munthu wotseka makutu.

Tsono Uthenga wa Yohane uika moyo wosatha pamalo pena. Pa Yohane 17:3 Ambuye popemphera afotokoza moyo umenewu monga kudziwana ndi Atate ndiponso ndi Mwana wotumidwayo. Pa Yohane 5:24 wokhulupirira awerengedwa kuti waoloka kale, ali moyo ndithu, akudya nsima yake. Ndipo tikafunsa kuti kudziwa Mulunguko kuoneka bwanji, Yeremiya 22:15-16 atiloza kwa mfumu Yosiya, amene anaweruza molungama mirandu ya amphawi, ndipo Mulungu ati kumeneko ndiko kumdziwa. Tikawerenga cotere, moyo wosatha uli ndi malo ake pa bwalo la mirandu, pa muyeso wa cimanga pamsika, ndi m'mau amene mwamuna alankhula kwa mkazi wake citseko citatsekedwa. Mzinda wa Kumwamba ulipo, ife tiuyembekeza. Koma wolowamo adzakumana ndi Mulungu amene anamdziwira kumunda.

Bunyan mfundo iyi anaidziwa, ndipo m'cigawo coyamba ionekera pa munthu mmodzi, Wolongolola. Uyu angathe kukamba za kubadwanso ndi za cisomo tsiku lathunthu, mpaka Wokhulupirika atengeka naye. Mkristu, amene anacokera naye mudzi umodzi, ndiye aulula kuti kunyumba kwa mkuluyu kulibe pemphero, ana ndi anchito amuopa, ndipo ocita naye malonda alira. Pamenepa mlembi asiyanitsa nzeru ya m'mutu ndi kudziwa kumene kufika m'manja. Ndime imeneyi musaithamangire. Ndi imodzi mwa zabwino koposa m'buku lonse, ndipo ife abusa itilasa poyamba.

Cenjerani ndi Mbuli

Malo amene atidetsa nkhawa koposa ali kumapeto. Pali mnyamata amene m'Cingerezi dzina lake ndi Ignorance, ndipo liu lathu loyandikira ndi Mbuli. Iye afika pa cipata ca Mzinda, afunsidwa cikalata cake, apisa m'cifuwa, osacipeza. Amangidwa manja ndi miyendo, natengedwa kukaponyedwa ku cionongeko. Cigawo coyamba cithera pomwepo.

Tsopano ganizani amene akhala pamphasa patsogolo panu. Ndi anthu amene anenedwa mbuli moyo wawo wonse, ndipo nchito yathu yomweyi ena aiti nkhondo yothetsa umbuli. Ndi anthu odziwa tanthauzo la kusowa pepala. Masiku a Apwitikizi mwamuna sankayenda popanda kaderneta. Ufulu utabwera mu 1975 panadza guia de marcha, ndipo mu 1983, pa Operação Produção, anthu a m'mizinda opezeka opanda mapepala a nchito anatengedwa kupita ku Niassa ndi Cabo Delgado. Gogo akamva kuti pa cipata ca Kumwamba afunsanso cikalata, ndi kuti wocisowayo dzina lake Mbuli, adzapita kwawo akuti ciani mumtima? Adzati: basi, nako komwe ndi kwa ophunzira.

Mukalola zimenezi mwanamiza gogoyo, mwanamiziranso Bunyan. Mbuli wa m'nkhaniyi ndi mnyamata wocangamuka, wodziwa kutsutsa. Adzitama kuti apemphera, asala kudya, apereka cakhumi, sakhala ndi ngongole ya munthu. Sanadzere pa cipata copapatiza, analowera kanjira kokhotakhota kocokera kwawo. Akafunsidwa umboni wake, ati mtima wake umuuza kuti ali bwino. Pamtsinje anapeza wopalasa bwato womuolotsa, osanyowa ndi phazi lomwe. Cimene sadziwa ndi kusowa kwake, ndipo akana kuuzidwa. Safunsa anadya phula.

Nanga cikalataco Mkristu anacitenga kuti? Sanalembe mayeso. Anacilandira pa mtanda, katundu atangogwa kumsana, kwa mmodzi wa atatu owala, cili ndi cidindo, caulere. Ndipo pa Phiri la Zobvuta anacitaya ali m'tulo, nabwerera akulira kukacifuna. Ndi cithunzi ca citsimikizo cimene Mzimu apereka, monga pa Aefeso 1:13. Werengani pamodzi ndi Macitidwe 4:13, pamene akulu a ku Yerusalemu adabwa ndi Petro ndi Yohane, anthu osapita kusukulu za arabi. Ife tiphunzitsa kuwerenga kuti munthu amve yekha Mau, alembe kalata, asanamizidwe pa sikelo. Koma agogo athu ambiri anamdziwa Mulungu asanadziwe A, ndipo kalasi yanu iyenera kumva zimenezi kucokera pakamwa panu.

Cigawo coiwalika

Cigawo caciwiri kawirikawiri citsalira m'mbuyo. Tiyo Soga anamasulira coyamba m'Cixhosa, nicisindikizidwa mu 1867, koma caciwiri, cimene anamasulira mwana wake John Henderson Soga, cinaturuka patapita zaka zoposa 50. Mabuku ena ofupikitsidwa alibe cigawoci. Komatu muno ndimo muli mankhwala a coyamba cija.

Apa woyenda ndi Christiana, mkazi uja anatsala, ndi ana ake anayi ndi mnansi wake Cifundo. Njira ndi yomweyo, koma mayendedwe ndi ena. Mateyu adya zipatso za m'munda wa mdani, adwala m'mimba, naitanidwa sing'anga. Ana afunsidwa katekisimu. Cifundo akhala akusoka zobvala za amphawi, kotero kuti mnyamata womufunsira mbeta aleka ataona kuti nsaruzo sizibweretsa ndarama. Pa nyumba ya alendo ya Gayo akhala mwezi ndi kupitirira, Mateyu akwatira Cifundo, Yakobo akwatira mwana wa Gayo. Ngakhale m'mudzi wa Msika wa Zacabe, mmene Wokhulupirika anaphedwera, akhalamo nthawi yaitali, nadziwika ndi nchito zabwino. Pa ulendo alandira ofooka: wina wa ndodo ziwiri, wina wa mtima wocepa, mtsikana wamantha. Wolimba-mtima, wowatsogolera, ayenda monga mwa mphamvu ya wotsalira. Ndende ya cimphona, mmene Mkristu anangothawamo, iwo aigumula masiku 7, ndipo wa ndodo uja abvina pamseu ndodo imodzi ili m'manja. Zoonadi, kuyenda awiri si mantha. Pomaliza Christiana aoloka mtsinje, koma ana ake ndi akazi awo atsala tsidya lino kuti mpingo ukule.

Kunena za luso, cigawo ici ciyenda pang'onopang'ono, cibwereza malo akale, ndipo sicigwira mtima monga coyamba. Koma muli matenda, maukwati, singano ndi mphika, ndipo Mulungu adziwika pakati pa zimenezo. M'makalasi mmene amayi ndiwo ambiri, kucisiya ndi kuwamana cigawo cawo.

Mawanga awiri

Bunyan anali mwana wa nthawi yake. Wosyasyalika amene akola Mkristu ndi Woyembekeza mu ukonde wajambulidwa ngati munthu wa khungu lakuda wobvala mwinjiro woyera. Musabise, musacite manyazi: nenani poyera kuti apa mlembi analakwa, khungu si cizindikiro ca cinyengo. Ndiponso pothera Cigwa ca Mthunzi wa Imfa pali cimphona cokalamba cimene acipatsa dzina la Papa, zipsera za mikangano ya ku England ya zaka za m'ma 1600. M'kalasi mmene mukhala Akatolika, monga mmene ziliri ku Angónia, kandime aka sikathandiza kuwerenga kapena cikhulupiriro. Kadumpheni.

Tsono ticite bwanji

Werengani pang'onopang'ono, malo amodzi pa tsiku. Pa malo alionse funsani funso lobwezera nkhani kumudzi: thope limeneli kwathu kuno lili pati? Wolongolola tingamdziwe bwanji pa nthawi yokolola? Kenaka aliyense alembe ciganizo cimodzi ca iye mwini pa yankho lake. Musanafike pa Mbuli, bwererani pa mtanda, ophunzira anene okha mmene cikalata cinapezekera. Mukamaliza cigawo coyamba musatseke buku, pitirirani kwa Christiana. Ngati buku lanu lilibe cigawo caciwiri, bwerekani kwa anzanu, kapena fotokozani nkhaniyo pakamwa, ophunzira ailembe m'mau awo.

Wokonza mapoto wa ku Bedford anatisiyira buku labwino, loyenera kukhala m'manja mwa wowerenga watsopano. Likhale pambali pa Uthenga wa Yohane, Yohane ndiye azitsogolera. Ambuye adalitse nchito ya manja anu.