Tsimba Lopanda Tsiku Lotulukira: Kudikira Opaleshoni m'Mabuku a Jan Morris ndi Juliet Jacques

Mabuku ofotokoza moyo wa anthu ochedwa transgender, ndiwo aja amene anabadwa ndi thupi lacimuna koma adzidziwa kuti ndi akazi, kapena lacikazi koma adzidziwa kuti ndi amuna, kawirikawiri awerengedwa monga ulendo wopita ku cipinda ca opaleshoni. Wowerenga athamangira tsiku la mpeni, ndipo masamba onse a pambuyo pake awayesa nsenjere zongodutsamo. M'nkhani ino tifuna kuima pa masamba odumphidwawo. Opaleshoni itenga maola owerengeka, koma kuidikira kudya zaka, ndipo ife tiona kuti luso la mlembi lionekera pa zimene acita nazo zakazo. Tiyang'ana mabuku awiri a ku Britain olekana zaka 41: Conundrum la Jan Morris, la mu 1974, ndi Trans: A Memoir la Juliet Jacques, la mu 2015.

Morris anabadwa mu 1926, ndipo dziko linayamba kumdziwa ndi dzina la James Morris, mtolankhani wa The Times amene anatumiza uthenga wa kukwera kwa phiri la Everest mu 1953. Anayamba kumwa mankhwala a mahomoni acikazi mu 1964, ndipo opaleshoni inacitika mu 1972 ali ndi zaka 45. Pakati pamenepa pali zaka 8 zimene iye anakhala ndi thupi losintha pang'onopang'ono, ena akumuona mwamuna, ena mkazi. Cimene cinamcedwetsa pomarizira sicinali ca m'thupi ai. Madokotala a ku Britain anati sangamcite opaleshoni pokhapokha atayamba wathetsa ukwati wake ndi Elizabeth, amene anakwatirana naye mu 1949 nabereka naye ana asanu. Morris anakana, nakwera ndege kupita ku Casablanca kwa Dr Georges Burou, dokotala wa ku France amene kale anacita opaleshoni yotere pa Coccinelle mu 1958 ndi pa April Ashley mu 1960.

Apa pali nkhani yaikulu: boma ndi cipatala kulowerera m'nyumba ya anthu awiri osafuna kulekana. Koma Morris aidutsa mopepuka, monga munthu wowoloka mtsinje m'cilimwe. Ciganizo cake ncosalala, codzala ndi nthabwala zaulemu, ndipo kudikira kwake akusandutsa ulendo wa mzimu wofunafuna kwao. Sititsutsa kukoma kwa kalembedweko. Ndi alembi ocepa a Cingerezi a m'nyengo yake amene angamfike. Koma kusalalako kubisa cinthu cimodzi coonekeratu, cakuti njira itatsekeka iye anali ndi ndalama zogulira ina. Amene analibe ndalamazo saoneka bwino m'bukumo.

Ndipo popeza tiwerengera bukuli ku Africa, sitingaleke kunenapo za Casablanca wake. Mzindawo sauonetsa monga malo okhala anthu ogwira nchito ndi kulipira msonkho, koma monga dziko la m'nthano, la zonunkhira ndi kulira kwa citoliro mumseu usiku, kumene mlendo afika kwa mfiti yabwino, agona, nadzuka ali wina. Asanagone apita pa kalilole kukatsazika nkhope yake yakale. Ndi cithunzi cogwira mtima, komanso ndi cithunzi ca munthu amene analemba mabuku atatu a mbiri ya ufumu wa Britain ndi cifundo cosabisika. Africa kwa iye ndi cipinda cobvulira zobvala, cimene munthu atulukamo osaceukanso.

Funso lenileni la ofufuza zolembedwa lili pa ciyambi ca bukuli. Morris ayamba ndi kukumbukira kuti ali ndi zaka zitatu kapena zinai, atakhala pansi pa piyano ya amai ake, anazindikira kuti anayenera kubadwa mtsikana. Sitikaika kuti anakumbukiradi cotero. Koma Sandy Stone, m'nkhani yake yofalitsidwa mu 1991, anaonetsa kuti odwala ambiri a m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970 anali kuwerenga buku la Harry Benjamin la mu 1966, The Transsexual Phenomenon, nakafotokozera madokotala moyo wofanana ndi wa m'bukulo, cifukwa anadziwa kuti nkhani yopatuka ikanawabweza ku mapeto a mzere. Madokotala nao anakondwa kuona kuti odwala afanana ndi buku, osadziwa kuti buku ndilo linali kuyankhula. Jay Prosser, mu Second Skins la mu 1998, anapitiriza ganizoli: mbiri ya moyo wa munthu wotere iyamba kukambidwa m'cipinda ca dokotala isanafike pa pepala. Tingati dokotalayo ndiye wopenda zolembedwa woyamba, ndipo ciweruzo cake cili ndi mano kuposa cathu, pakuti iye akakana nkhani akananso opaleshoni. Conco mpangidwe wodziwika uja, wakuti ndinadziwa ndili mwana, ndinabvutika, ndinacitidwa opaleshoni, ndinapeza mtendere, unaumbidwa ndi mzere wodikirira pa cipatala usanakhale mwambo wa alembi.

Jacques, wobadwa mu 1981, anawadziwa bwino maganizo amenewa, ndipo buku lake ndi yankho kwa iwo. Kucokera mu 2010 kufikira mu 2012 analemba za kusintha kwake mu nyuzipepala ya The Guardian pamene zinthuzo zinali kucitika, asanadziwe mathero ake. Posandutsa zolembazo buku, anaika opaleshoni ya mu 2012, ya ku cipatala ca Charing Cross mu London, pa masamba oyamba enieni. Wowerenga wofuna mpeni apatsidwa mpeniwo pakhomo pomwe, ndi ululu wake, ndipo kenaka atsala ndi cimene anafuna kudumpha.

Cotsalaco ndi kudikira kwa munthu wodalira cipatala ca boma. M'masiku a Jacques dokotala wa kwanu anali kukutumiza kwa dokotala wa maganizo, uyo nakutumiza ku kiliniki, ndipo pakati pa kalata ndi kalata panali kupita miyezi. Panali lamulo lochedwa Real Life Experience, lofuna kuti munthu ayambe wakhala poyera monga mkazi, pa nchito, m'basi ndi pa pepala la dzina, kwa nthawi yosacepera caka, madokotala asanabvomere opaleshoni. Ndiko kunena kuti munthu ayenera kukumana ndi matukwano a mumseu pa nthawi imene thupi lake likali losasintha mokwanira kuti limteteze. Kukonzekera kwa thupi nako nkosanyadiritsa: kuzula tsitsi la kumaso ndi makina kwa miyezi yambiri, kuphunzira kukweza mau, kuleka fodya kuti bala lidzapole, ndiponso, monga anali kucitira m'zipatala zambiri masiku amenewo, kuleka mahomoni masabata angapo opaleshoni isanafike poopa kuundana kwa magazi. Jacques alemba za moyo umenewu ndi mau ouma, nasakaniza ndi nkhawa ya lendi, nchito zaganyu za m'maofesi, ndi mpira wa Norwich City umene aukonda. Palibe citoliro pano. Ndipo kuuma kumeneku ndiko kucititsa wowerenga kumva kutalika kwa nthawi m'thupi mwake.

Bukuli liri ndi zofooka zake. Maina a magulu oimba ndi mafilimu acuruka kotero kuti wowerenga wa ku Chipata kapena ku Lusaka, wosakulira ku Manchester ndi Brighton, atsala panja pa mpanda. Zigawo zofotokoza mbiri ndi maganizo a akatswiri nthawi zina ziima pazokha monga phunziro la m'kalasi. Koma potsiriza buku ndi kukambirana kwake ndi mlembi Sheila Heti, m'malo mwa cithunzi ca cipambano, Jacques akana kupatsa kiliniki mau omariza pa moyo wake.

Ofufuza ambiri akafika pa nyengo yodikirayi atenga ganizo la Victor Turner la munthu wa pakati, amene wacoka pa udindo wakale koma sanafike pa watsopano. Tikumbukire kuti Turner analikulitsa ganizoli kwathu kuno, pakati pa Andembu a ku Mwinilunga m'zaka za m'ma 1950, potsata Arnold van Gennep wa mu 1909, nalifalitsa mu The Forest of Symbols mu 1967. Ife amene tidziwa cinamwali tiyenera kuligwiritsa nchito mosamala. Namwali wolowa m'tsimba adziwa kuti adzatuluka, ndipo mudzi wonse udziwa tsiku lake. Ali ndi phungu womgwira dzanja, ali ndi namkungwi amene colinga cake ndi kumtulutsa ali wamkulu, osati kufufuza ngati ayenera. Kunja kuli anthu ophika mowa akumyembekeza. Wodikira wa m'buku la Jacques ali m'tsimba limene tsiku lotulukira lisunthasuntha ndi kalata, namkungwi wake ndiye woweruzanso, ndipo salangizidwa mobisika koma pa mseu, pamaso pa aliyense. Kuchula zonsezi ndi dzina limodzi ndiko kukometsa cimene cilibe mwambo konse.

Zina mwa zimene Jacques anadutsamo zinasintha. Mu 2019 bungwe la World Health Organization linacotsa nkhaniyi pa mndandanda wa matenda a maganizo, ndipo malangizo a WPATH a mu 2022 anacepetsa makalata ofunika kucokera pa awiri kufika pa imodzi. Koma kutalika kwa mzere sikudalira malangizo okha. Kudalira madokotala odziwa nchitoyo ndi masiku opatsidwa m'cipinda ca opaleshoni. Ku South Africa, kumene lamulo la mu 2003 lilola munthu kusintha colembedwa pa ciphaso cake, ofufuza analemba m'zaka za m'ma 2010 kuti wodikira pa cipatala ca Groote Schuur ku Cape Town angakhale pa mzere zaka 15 mpaka 20. Landa Mabenge, mlembi wa Becoming Him la mu 2018, anadutsa mwa kulimbana ndi kampani ya inshuwalansi ya zaumoyo kufikira inabvomera kulipira. Pa zaka zocuruka cotero mpangidwe wa Morris sungagwire nchito, pakuti kwa ambiri mutu wa opaleshoni sudzalembedwa konse.

Tatsala ndi funso la cinenero, limene likhudza dipatimenti yathu mwacindunji. M'Cingerezi kulemera kwa kudikira kusenzedwa ndi timau tiwiri, he ndi she. Mlembi awerenga masiku mwa kumva kamene wogulitsa m'sitolo wagwiritsa nchito. Womasulira mabukuwa m'Cinyanja adzapeza kuti iye ndi a- wa pa mneni sasankha mwamuna kapena mkazi, ndipo masamba athunthu a nkhawa angasungunuke m'manja mwake. Wina anganene kuti cinenero cathu ncacifundo pamenepa. Ife tikaika. Cimene mlowam'malo wathu sanena cinenedwa ndi mau ena. Moni wathu afuna bambo kapena mai. Mneni wa ukwati ugawa anthu pawiri, wokwatira ndi wokwatiwa, kotero kuti womasulira nkhani ya Jan ndi Elizabeth, amene anasudzulana pa lamulo koma nakhalabe nyumba imodzi, nadzalembetsanso ubale wao mu 2008, ayenera kusankha pamene Cingerezi sicimkakamiza. Mwina adzathawira ku kukwatirana. Koposa onse ndi mau akuti mlongo, amene sanena za munthu mmodzi koma za awiri osiyana cibadwa. Mwamuna akakhala mkazi, mlongo wake wakale asanduka mkulu wake kapena mng'ono wake, ndipo amene anali mng'ono wake wamwamuna asanduka mlongo. Mlembi wa Cinyanja wolemba zaka zodikira sakanaziwerenga ndi makalata a kiliniki okha. Akanaziwerenganso ndi tsiku limene mbale wake, polonjera alendo pa maliro kapena pa ukwati, anayenera kusankha pakati pa mng'ono wanga ndi mlongo wanga.