Novo Mundo: nsanje ya m'nyumba ya mfumu ndi zimene imaphimba

Mphunzitsi wa ku Angónia kapena ku Metangula amadziwa kuti novela ikafika pokoma usiku, m'mawa mwake ana amalowa m'kalasi nkhani ili pakamwa. Ngakhale mwana amene kwawo kulibe kanema amakhala atamva kale kwa anzake kuti wanyengedwa ndani, walira ndani. Manovela a ku Brazil akhala akuonedwa ku Mozambique kwa zaka zambiri, ndipo ana amatolamo mawu a Chipwitikizi pamodzi ndi maganizo a mmene anthu amakhalira. Novela ikati ikusimba mbiri yakale, ana amatolanso mbiriyo, zoona ndi zopeka mtolo umodzi. Novo Mundo ndi imodzi mwa manovela otere, ndipo njofunika kuiunika mosamala chifukwa nyumba yachifumu imene imaonetsa ndi yomwe inkalamulira Mozambique pa nthawiyo.

Novelayi inapangidwa ndi Globo mu 2017. Ili ndi zigawo 160, ndipo olemba ake ndi Thereza Falcão ndi Alessandro Marson. Nkhani imayamba mu 1817, pamene Leopoldina, mwana wamkazi wa mfumu Franz I ya ku Austria, akukwera chombo kupita ku Rio de Janeiro. Banja lachifumu la ku Portugal linali litathawira kumeneko zaka pafupifupi 10 m'mbuyomo poopa asilikali a Napoleon. Leopoldina akukapeza Pedro, wolowa ufumu wa Portugal, mwamuna amene anakwatiwa naye asanamuonepo. Ukwati unamangidwa ku Vienna mkwati palibe, ndipo ankhoswe ake anali akazembe a mayiko awiriwo. M'chombo momwemo olemba anaikamo anthu awiri opeka: Anna Millman, Mngelezi wolembedwa ntchito yophunzitsa Leopoldina Chipwitikizi, ndi Joaquim, mnyamata wa zisudzo amene amakondana ndi Anna. Nkhani imathera mu 1822, chaka chimene Brazil inadzipatula ku Portugal.

Mtengwa wa ku Vienna

Chokoma chachikulu cha Novo Mundo ndi Leopoldina, monga amamusewerera Letícia Colin. Pachinyanja mkazi wotere ndi mtengwa: wachoka kwawo, watsata mwamuna, ndipo kumene wapitako alibe mlongo kapena malume womudandaulira. Colin amalankhula Chipwitikizi ndi lilime la Chijeremani, koma sachita zimenezi pofuna kuseketsa. Mawu amatuluka pang'onopang'ono, osankhidwa limodzilimodzi, moti woonera amamva kuti mkaziyu ali ndi zambiri mumtima kuposa zimene chinenero chatsopanocho chikumulola kunena. Ena a m'nyumba ya mfumu amatenga kufatsa kwake ngati kupepera.

Mphunzitsi wa zinenero ziwiri sangachiphonye chithunzi chimenechi. Mwana wa kalasi yoyamba amene kunyumba amalankhula Chinyanja amaoneka ngati sadziwa kanthu akafunsidwa m'Chipwitikizi, chikhalirecho nzeru ali nazo. Kusiyana n'kwakuti Leopoldina anali ndi mphunzitsi wakewake, ankadziwa kale zinenero zingapo, ndipo palibe amene anamukalipira chifukwa cholembera abale ake m'Chijeremani kapena m'Chifalansa.

Mbiri imavomereza ulemu umene novela imamupatsa. Mu 1821 mfumu João VI inabwerera ku Lisboa, ndipo nyumba ya malamulo kumeneko inalamula kuti Pedro nayenso abwerere. Leopoldina anali mmodzi mwa amene anamulimbikitsa kukana, ndipo pa 9 Januwale 1822 Pedro analengeza kuti sachoka. M'mwezi wa Ogasiti anapita ku São Paulo n'kusiya ulamuliro m'manja mwa mkazi wake. Pa 2 Sepitembala Leopoldina anatsogolera msonkhano wa nduna, ndipo makalata ake ndi a nduna José Bonifácio ndi amene anamupeza Pedro m'mphepete mwa mtsinje wa Ipiranga pa 7 Sepitembala, tsiku limene Brazil imakondwerera ufulu wake mpaka lero. Akuluakulu anati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa. Novela imaonetsa bwino kuti kalumo ka mlendo uyu kanali cholembera.

Mkazi winayo asenza mlandu wonse

Vuto limayamba ndi Domitila, chibwenzi cha Pedro. Agatha Moreira amamusewera mwaluso, koma olemba anamusenzetsa katundu wosakhala wake. M'mbiri, Pedro anayamba chibwenzi ndi Domitila de Castro ku São Paulo mu Ogasiti 1822, masiku ochepa ufulu usanalengezedwe. Novela imamulowetsa m'nkhani nthawiyo isanakwane, imamugwirizanitsa ndi Thomas Johnson, msilikali wapamadzi wa ku England wopekedwa kuti akhale mdani wa aliyense, n'kumusandutsa wotchera misampha. Chifukwa chake n'chosabisika: kuti woonera asagone kwa zigawo 160, pamafunika akazi awiri olimbirana mwamuna mmodzi.

Domitila weniweni anakwatiwa ali ndi zaka 15 ndi msilikali wankhanza, amene anamubaya ndi mpeni mu 1819. Novela sibisa nkhanza za mwamunayo, koma woonera amaziiwala msanga. Chimene chimatsalira m'maso ndi mkazi wokongola wolanda banja la mnzake.

Wopindula pamenepa ndi Pedro. Caio Castro amamusewera ngati mnyamata wachibwana, wamtima wabwino, amene akazi amamukokera uku ndi uku. Koma ndi Pedro yemweyo amene mu 1825 anapatsa Domitila udindo wotumikira mfumukazi, moti Leopoldina ankaonana ndi chibwenzi cha mwamuna wake m'nyumba mwake momwe, ndipo mu 1826 anamukweza kukhala Marquesa de Santos. Leopoldina anamwalira pa 11 Disembala 1826, masiku ochepa atapita padera. Anali ndi zaka 29 ndipo anali atabereka ana 7. Zonsezi zili kunja kwa zaka zimene novela inasankha. Motero mwana woonera amachoka atakhazikika pa mfundo imene amaimva kale kuchitsime ndi kumsika, yakuti banja likagwedezeka wolakwa ndi mkazi winayo.

N'chimodzimodzinso ndi ziwembu za m'bwalo la mfumu. Zokoma zilipo: manong'onong'o kuseri kwa zitseko, makalata obisidwa, ndiponso Chalaça, mnzake wa Pedro wosunga zinsinsi zake, amene analikodi ndipo dzina lake lenileni linali Francisco Gomes da Silva. Nyumba ya mfumu ya ku Rio inalidi malo otere. Maria Graham, wolemba mabuku wa ku England amene Anna amafanana naye, anaitanidwa mu 1824 kukaphunzitsa mwana wamkazi wa Leopoldina, koma sanakhalitse. Akuluakulu a m'nyumbamo anamuchitira kaduka mpaka anachoka. Komabe chimene chinalekanitsa Brazil ndi Portugal sichinali miseche ya pakhonde. Eni minda ndi amalonda a ku Brazil anali atazolowera kugulitsa katundu wawo ku mayiko ena chitsegulireni madoko mu 1808, ndipo sankafuna kubwereranso pansi pa Lisboa. Ankafuna mfumu yawoyawo yoti isunge bata ndi kusunga akapolo m'manja mwawo. Zifukwa zimenezi zimamveka pang'ono chabe pakati pa achifwamba apanyanja ndi misozi ya Anna ndi Joaquim.

Amene anatsikira ku Valongo

Nkhani ya akapoloyo ndi imene imafika pakhomo pa owerenga a kuno. Kuyambira 1808 mpaka 1821, mzinda wa Rio de Janeiro ndiwo unali likulu la ufumu wonse wa Portugal, kuphatikizapo Mozambique. M'zaka zomwezo zombo zonyamula anthu kuchokera ku Ilha de Moçambique ndi ku Quelimane kupita ku Rio zinachuluka kwambiri. Ambiri mwa ogulitsidwawo ankachokera kumtunda, m'chigwa cha Zambezi ndi m'madera ozungulira nyanja ya Niassa, ndipo ankalankhula zinenero zimene lero zikuphunzitsidwa m'makalasi a zinenero ziwiri. Ku Brazil ankangotchedwa "Moçambiques". Ankatsikira padoko la Valongo, lomwe bungwe la UNESCO limati linalandira anthu a ku Africa pafupifupi 900,000. Mu 1843 dokolo linakwiriridwa ndi miyala yatsopano kuti mkwatibwi wina wachifumu, Teresa Cristina, mkazi wa Pedro II mwana wa Leopoldina, atsikire pamalo okongola. Linafukulidwa mu 2011, ndipo UNESCO inaliika pa mndandanda wa malo ofunika m'mbiri ya dziko lonse mu 2017, chaka chomwe Novo Mundo inkaulutsidwa.

Novela sinyalanyaza ukapolo. Muli Sebastião, wogulitsa anthu, ndipo muli Diara, amene Sheron Menezzes amamusewera mwamphamvu, kapolo womasulidwa n'kukwatiwa ndi mzungu wa ku Austria. Koma ngakhale Diara amalowa m'nkhani kudzera pakhomo la chikondi, ngati kuti munthu sayenera kuonedwa pokhapokha wina wamusirira. Akapolo ambiri amaoneka kumbuyo atasenza mitolo pamene kamera ikutsata diresi la mfumukazi. Leopoldina anawoloka nyanja n'kupatsidwa mphunzitsi wa chinenero. Anthu okwezedwa chombo ku Quelimane anawoloka nyanja n'kulandidwa mayina, ndipo Chipwitikizi anachiphunzira ndi chikoti. Novela imakhalitsa pa ulendo woyambawo, wachiwiriwo n'kuudutsa mothamanga. Potero imachita zimene anachita omanga a mu 1843, kuyala miyala yosalala pamwamba kuti mkwatibwi adutse.

Zoti mphunzitsi atengepo

Izi sizikutanthauza kuti Novo Mundo njosayenera kuonera. Zovala, zombo ndi misewu ya Rio wakale zinakonzedwa mosamala, ndipo ndi manovela ochepa amene amaika mkazi wokonda kuwerenga ndi kulemba makalata pakatikati pa ndale za dziko. Kuletsa ana kuonera manovela kulibe phindu, chifukwa akaletsedwa kunyumba amakasuzumira pawindo la oyandikana nawo. Chothandiza n'kuwaphunzitsa kufunsa.

Mphunzitsi wa makalasi apamwamba angathe kuonetsa kachigawo kamodzi, kapena kungosimba nkhani ya makalata a pa 2 Sepitembala kumene kulibe magetsi, n'kupempha ana kuti aifotokozenso m'Chinyanja. Mawu monga mtengwa, nkhoswe ndi nduna, amene ana amawadziwa kale, amatsegula nkhani ya ku Rio msanga kuposa matanthauzo a m'buku. Kenako bolodi ligawidwe pawiri: mbali ina zimene zinachitikadi, mbali ina zimene olemba anapeka. Leopoldina, Domitila ndi Chalaça apite kwina, Anna, Joaquim ndi Thomas apite kwina, ndipo ana akambirane chifukwa chimene olemba anasunthira masiku a chibwenzi cha Pedro. Mtsikana wa m'kalasimo afunsidwe ngati mlandu wagawidwa mwachilungamo, mnyamata afunsidwenso chimodzimodzi.

Funso lomaliza likhale la anthu osenza mitolo aja: akanapatsidwa mpata wolankhula, akanati chiyani, ndipo akanalankhula m'chinenero chanji? Ana a ku Lago ndi ku Tsangano angathe kuliyankha m'chinenero chimene ena mwa anthuwo anakwera nacho chombo.