Katundu Wachuluka pa Mawu Oti "Shuga"

Asodzi a kumatsiriro kwa mtsinje wa Likangala, komwe madzi a m'phiri la Zomba amathira m'nyanja ya Chilwa, amadziwa kuti mlamba ndi woterera. Chimene chimautereretsa akatswiri amachitcha glycoprotein: puloteni amene ali ndi tinthambi ta shuga pathupi pake. M'malovu ndi m'mamina mulinso zomwezi.

Pomasulira dzinali, chobwera msanga pakamwa ndi "puloteni wa shuga". Kumasulira kotere n'kosokeretsa, pakuti mawu oti "shuga" adasenza kale matanthauzo atatu: wa ku Nchalo ndi ku Dwangwa wothira mu tiyi, wa m'magazi, ndiponso matenda. Wophunzira akawerenga kuti khungu la mlamba lili ndi shuga, angathe kukauza agogo ake odwala kuti aleke ndiwoyo.

Komatu woyeza m'labotale sasaka zotsekemera. Potsata njira imene Dubois ndi anzake adafalitsa mu 1956, amathira phenol ndi asidi wa sulfuric. Madziwo amasanduka achikasu chonga lalanje, ndipo kuwirira kwa mtunduwo kumasonyeza kuchuluka kwa shuga yense. Akafuna mayina, amayamba wadula tinthambito ndi asidi, n'kupeza mannose, galactose, fucose ndi ena. Onsewa si shuga wa nzimbe.

Nkhaniyi si yamlamba wokha. Magazi a gulu A ndi a gulu B amasiyana pa kashuga kamodzi kokha ka kunsonga. Puloteni wa gp120, wokuta kachirombo ka HIV, pafupifupi theka la kulemera kwake ndi shuga, ndipo ndiye amakabisa kwa chitetezo cha m'thupi. Muyeso wa HbA1c wa odwala shuga ndi wina: kumeneko glucose amangodzimata yekha pa puloteni wa m'magazi. "Puloteni wa shuga" amaphimba zonsezi ndi bulangete limodzi.

Kubwereka dzina nakonso kuli ndi minga yake. Lamulo loti r atsatire i kapena e lingatipatse "girayikopuloteni", mawu amene wophunzira sangawazindikire m'buku la Chingerezi. Popeza "filimu" ndi "kilomita" adaloledwa kusunga l, "gilayikopuloteni" ndiye woyenera, bola pomutchula koyamba olemba afotokoze kuti ndi "puloteni wa tinthambi ta mashuga". Kuchulukitsa kwa "ma-" n'kofunika, chifukwa kumachenjeza wowerenga kuti mitundu ndi yambiri.