Pamene Wegner anasiya kubisa polumikizira

Mpando umene Hans Wegner anaonetsa ku Copenhagen mu 1949, pa chionetsero cha pachaka cha amisiri a mipando, unali ndi chotsamira chokulungidwa ndi luzi la rattan. Wouona akanayesa kuti luzilo n'lokongoletsa. Ayi ndithu, linkaphimba pamene matabwa akumana.

Chotsamira cha mpandowu ndi poika mikono pake zimapanga uta umodzi, n'chifukwa chake ku Denmark amautcha mpando wozungulira. Uta wotere sungasemedwe pathabwa limodzi. Mizere ya mtengo ikadutsa mopingasa pamalo opyapyala, munthu akangoyedzamira mwamphamvu thabwalo limati thyo. Choncho pamafunika zidutswa zitatu, chapakati ndi ziwiri za mikono, chilichonse chotsata mizere yake. Polumikiza pakepo ndi pamene Wegner sanakhutire napo poyamba, n'kupabisa. Pofika 1950, iye ndi amisiri a kwa Johannes Hansen, kumene mpandowu unkapangidwa, anayamba kudula nsonga za zidutswazo ngati mano a sowo, manowo n'kulowana thi. Guluu anapeza malo ambiri ogwira, ndipo chotsamira chinatha kukhala poyera popanda luzi.

Kwa ine mpando wachiwiriwu ndiye weniweniwo. Yendetsani chala pamanowo: diso likuona mzere wokhotakhota pamene mizere ya matabwa awiri yasemphana, koma chala sichipunthwa paliponse. Mmisiri akaphonya pang'ono podula, mpata umaonekera, ndipo palibe utoto woti ubise manyazi akewo. Wegner anali mwana wa wosoka nsapato wa ku Tønder, anabadwa mu 1914, ndipo anagwira tchizulo ali ndi zaka 14 asanaphunzire kujambula mipando papepala. Ankadziwa bwino katundu amene ankasenzetsa amisiri akewo.

Zoti Kennedy ndi Nixon anakhalira mpandowu pa mtsutso wawo wa pa TV wolimbirana utsogoleri wa America mu 1960 amazitchula kwambiri ogulitsa. Zinautchukitsa, koma luso linalimo kale.

Mpando wina wa Wegner wa chaka chomwecho cha 1949, CH24, umene kampani ya Carl Hansen & Søn yakhala ikupanga kuyambira 1950, uli ndi nzeru ina. Chotsamira chake amachipinda ndi nthunzi, n'kuchichirikiza ndi kathabwa kooneka ngati chilembo cha Y, maganizo ochokera ku mipando yakale ya ku China. Pokhalira amaluka pamanja ndi chingwe cha pepala chotalika mamita pafupifupi 120, ntchito yotenga ngati ola limodzi kwa woluka wozolowera. Akakoka chingwe mosiyanitsa mphamvu, mizere inayi yokumana pakati pa pokhalirapo imakhota, ndipo wogula amaona.

Komatu tisautamande mopitirira. CH24 ndi wodyera patebulo. Mukaukhalira madzulo onse msana umadandaula, ndipo chingwe cha pepala chija sichikondana ndi msuzi wotayika. Mtengo wake lero si wa banja wamba, ndipo makina ndiwo amadula zidutswa zambiri, dzanja n'kumalizitsa.

Mipando yoyerekezera CH24 yadzaza m'misika, ina yooneka bwino patali. Musanalipire, utembenuzeni mpandowo miyendo m'mwamba, muone mmene chingwe chamangidwira kunsi ndiponso ngati polumikizira sanamatepo phala lobisa mipata.