Muyeso wa Garfield ndi Mbiri ya Achewa

M'chaka cha 1964, Eugene Garfield wa ku Philadelphia anatulutsa kaundula wotchedwa Science Citation Index, wosonyeza kuti zolemba za katswiri zatchulidwa kangati ndi akatswiri anzake. Kaundula wa maphunziro a chikhalidwe cha anthu anatsatira mu 1973, ndipo wa mbiri, filosofi ndi luso mu 1978. Lero mayunivesite ambiri amayang'ana ziwerengero zoterezi pokweza aphunzitsi pa udindo. Tiyenera kufunsa ngati muyeso umenewu uli wolungama.

Ubwino wake tisaukane: chiwerengero sichidziwa mbale kapena mnansi, motero chimachepetsa kukondera. Koma muyesowu unasulidwira sayansi, kumene zotulukira zatsopano zimalembedwa mwachidule m'magazini, kawirikawiri m'Chingerezi, ndipo zimatchulidwa msanga. Wofufuza mbiri kapena miyambo amalemba buku lathunthu, nthawi zina m'chinenero cha kwao, ndipo zipatso zake zimapsa mochedwa. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Taganizirani za Samuel Josia Ntara, mphunzitsi wa ku Nkhoma, amene anasonkhanitsa mau a akuluakulu nalemba Mbiri ya Achewa m'zaka za m'ma 1940. Bukuli linatuluka m'Chingerezi mu 1973 ku Wiesbaden, m'dziko la Germany. Kwa zaka pafupifupi 30 Achewa anali kuliwerenga, koma muyeso wowerenga magazini a Chingerezi okha ukanamuyesa Ntara munthu wosalemba kanthu. Chilema chili pa muyeso, pakuti umangowerenga amene amveka m'bwalo limodzi.

Akatswiri enieniwo anachiona chilemachi. Mu 2012 ku San Francisco anagwirizana kuti nkhani isaweruzidwe potengera kutchuka kwa magazini imene yatulukamo, ndipo chikalata cha ku Leiden cha 2015 chinanena kuti: ziwerengero zithandize oweruza amene awerengadi ntchitoyo, ndipo kafukufuku wokhudza anthu a dera lake atetezedwe.

Komabe kudandaula kokha sikukwanira. Ansembe ndi aseminale alemba zambiri zokhudza ukwati, maliro ndi chinamwali, zimene zangogona m'makabati. Cholemba chilichonse chikhale ndi chidule chake m'Chichewa ndi m'Chingerezi, chiikidwe pa intaneti, ndipo magazini athu afunefune malo mu African Journals Online, imene inayamba mu 1998. Tikamalemba, titchule ntchito za anzathu a kuno zimene taziwerenga, monga momwe timatchulira za ku Roma ndi Louvain.