Dziko Latha, Wina Akusinthabe Matchanelo

Mufilimu ya Shaun of the Dead, imene Edgar Wright anatulutsa mu 2004, muli ulendo umodzi umene timauona kawiri. Shaun, bambo wa zaka 29 wogulitsa m'sitolo ya zipangizo zamagetsi kumpoto kwa London, amatuluka m'nyumba m'mamawa kupita kukagolosale kapafupi. Kamera imamutsatira osaduka: mwana akusewera mpira, wopemphapempha akutambasula dzanja, uyu akutsuka galimoto, uyo akuthamanga kulimbitsa thupi. Amagula chakumwa, basi. Kutacha, ali ndi matsire, amadutsanso njira yomweyo, kamera n'kuponda momwe inaponda dzulo. Koma usikuwo dziko latembenuka. Galimoto ija yaboledwa galasi, wothamanga uja tsopano akuthawa imfa, wopemphapempha uja ndi mtembo woyenda. Pachitseko cha firiji pali zidindo za manja amagazi. Shaun amatsegula, amasankha chakumwa, amaterereka pang'ono pamagazi, amasiya ndalama pakauntala, ndipo potuluka amauza mtembo uja kuti alibe tchenji.

Palibe amene wanena mawu oseketsa pamenepa. Nthabwala yonse yasenzedwa ndi kamera, ndipo ikunena chinthu chowawa: anthu awa anali atafa kale mliri usanafike, n'chifukwa chake kusiyana kwa dzulo ndi lero sikukuoneka. Wright anali atatikonzekeretsa pachiyambi penipeni, pomwe timaona ogulitsa m'supamaketi ndi anthu odikira basi akutulutsa mafoni nthawi imodzi, maso ali gwa, nkhope zopanda mwini.

Mafilimu anthabwala onena za kutha kwa dziko achuluka kuyambira pamenepo, ndipo ambiri amalasa zinthu ziwiri: zipangizo zotipatsa nkhani ndi zosangalatsa, komanso anyamata aja amene Azungu amawati ma nerd, okhalira m'chipinda ndi magemu, makompyuta ndi mabuku azithunzi. Ine ndimaweruza mafilimuwa ndi funso limodzi. Woonerayo, nthabwalayo ikumukhudza, kapena amupatsa mpando wapamwamba woti aziseka anzake ali phee? Filimu imene imamusiya woonera ali wochenjera yekha pakati pa zitsiru imakoma tsiku loyamba, koma sikhalitsa.

Taonani zimene Wright amachita ndi TV. Shaun atabwerako kugolosale kuja amakhala pampando n'kuyamba kusintha matchanelo. Wowerenga nkhani amayamba chiganizo, rimoti n'kumudula. Woimba nyimbo amapitiriza chiganizocho, wolengeza mpira n'kuwonjezera mawu ake, wofotokoza za nyama zakutchire n'kumalizitsa. Mukalumikiza zidutswazo, TV yamuuza Shaun zonse, kuti anthu akugwidwa n'kudyedwa amoyo. Iye sakumva kanthu, chala chili pabatani. Ili ndi luso la wodula ndi kulumikiza zithunzi, ndipo silingatheke m'buku kapena pasiteji. Chimene chikusekedwa si bodza la atolankhani, poti nkhaniyo ndi yoona ndipo oiwerenga ndi enieni, monga Krishnan Guru-Murthy ndi Jeremy Thompson. Chikusekedwa ndi chala chija, ndipo chala chimenecho tonse tili nacho.

Wright ndi Simon Pegg, amene analemba naye filimuyi n'kusewera Shaun, ndi ma nerd otheratu. Dzina la filimu analipotoza kuchokera ku Dawn of the Dead ya George Romero ya 1978, ndipo mbewu yake inamera mu Spaced, sewero lawo la pa Channel 4, pomwe mnyamata wina amasewera Resident Evil 2 usiku wonse mpaka kuyamba kuona mitembo m'nyumba. Mwina n'chifukwa chake amadziwa pomwe pali chilonda. Shaun ndi mnzake Ed atapeza mitembo iwiri kuseri kwa nyumba, amatenga bokosi la zimbale zakale kuti azigenda nazo. Imfa ikuyandikira pang'onopang'ono, koma iwo aima n'kumakambirana chimbale chilichonse: ichi cha Prince ayi, koma cha Batman chija ponya, cha Dire Straits ponya. Munthu wokonda zinthu zake mpaka kuiwala khosi lake wajambulidwa pamenepa mwachikondi, koma popanda kumukhululukira.

Zombieland ya Ruben Fleischer, ya 2009, imayamba ngati ikufuna kuchita zomwezo. Columbus, amene amaseweredwa ndi Jesse Eisenberg, ndi wophunzira wamantha amene mliri unamupeza atadzitsekera milungu ingapo akusewera World of Warcraft, makatoni a pizza ali mulu. Anapulumuka chifukwa analibe anzake oti amulume. Ali ndi malamulo ake opulumukira, ndipo malamulowo amalembedwa pasikirini, zilembo zili mkati mwa chithunzi ngati m'gemu: limbitsa thupi kuti uzitha kuthawa, ombera kawiri, samala ndi zimbudzi, manga lamba m'galimoto. Ndi nzeru yabwino, chifukwa ikutionetsa dziko momwe mutu wa mnyamatayo ukulionera. Gawo la Bill Murray, amene amasewera iye mwini atadzipaka nkhope ngati mtembo kuti aziyenda mwaufulu, mpaka Columbus kumuombera mwangozi, ndi loseketsa kwambiri moti ambiri amakumbukira lokhalo. Koma filimuyi ikamatha, nthabwala ija yasanduka chisangalatso. Dziko lonse lafa kuti mnyamata wamanyazi apeze banja ndi mtsikana. Mantha ake, kudzipatula kwake, zonse zapezeka kuti zinali nzeru. Opanga filimu ankadziwa bwino amene adzagule matikiti, ndipo anamusisita pamsana.

Pixar, imene anthu amaiona ngati ya ana, ndiyo inaluma kwambiri. WALL-E ya Andrew Stanton, ya 2008, imatha pafupifupi theka la ola anthu asanayambe kukambirana. Dziko ladzala zinyalala za kampani imodzi, Buy n Large, imene inameza masitolo, mabanki ndi boma lomwe. Anthu anathawira kumwamba m'chombo cha Axiom zaka 700 zapitazo, n'kusiya maloboti ounjika zinyalala, koma tsopano patsala kaloboti kamodzi kokha. Kalobotiko ndiye nerd weniweni wa filimuyi. Kamatola tinthu n'kukatisanja m'mashelefu, kamaonera tepi imodzi yakale ya Hello, Dolly! mobwerezabwereza, kakapeza mphete ya diamondi kamataya mpheteyo n'kusunga kabokosi kake. Ben Burtt, amene anapanga maphokoso a Star Wars, ndiye anakapatsa mawu, ndipo kulira kwa timagudumu ndi kuphethira kwa maso ake kumagwira ntchito imene mafilimu ena amaipereka kwa olemba mawu. Tikafika m'chombomo timaona amuna awiri onenepa akuyandama pamipando yoyandikana, phewa ndi phewa, akucheza kudzera pamasikirini. Mayi wina sikirini yake itazima mwangozi amadabwa kuona kuti m'chombomo muli dziwe losambira, pomwe wakhala akudutsa pambali pake moyo wake wonse. Zonsezi zinajambulidwa iPhone ili yatsopano, Facebook isanalowe m'thumba la aliyense. Chokhacho chimene chimandiseketsa mosayenera n'chakuti WALL-E akadzaza batire padzuwa amalira ngati kompyuta ya Apple ikuyaka. Steve Jobs anali mwini wamkulu wa Pixar isanagulidwe ndi Disney mu 2006, ndiye filimu yodzudzula kugula zinthu mosaganiza inakhalanso ikutsatsa malonda a kunyumba kwawo.

Vuto limeneli silithawika. Amene ali ndi ndalama zopangira mafilimuwa ndi omwewo amene akusekedwa. The Mitchells vs. the Machines ya 2021 imanena za PAL, pulogalamu ya m'foni imene imaukira anthu mwini wake atayitaya chifukwa cha maloboti atsopano, ndipo anthu amalowa okha m'makola atangolonjezedwa Wi-Fi yaulere. Inapangidwa ndi Sony, n'kuonetsedwa pa Netflix. Koma muli nthabwala imodzi imene imasonyeza kuti olemba ake amazidziwa makina: galu wa banjalo, Monchi, ndi wooneka modabwitsa moti maloboti akamuyang'ana amalephera kusankha ngati ndi galu, nkhumba kapena buledi, mpaka mitu yawo kupsa. Umo ndi mmenedi mapulogalamu ozindikira zithunzi amasokonekera. Nthabwala yochokera m'kudziwa chinthu imaposa yochokera m'kuchiopa.

Don't Look Up ya Adam McKay, imene inatulukanso pa Netflix kumapeto kwa 2021, ili ndi zonse: Leonardo DiCaprio ndi Jennifer Lawrence ngati akatswiri a zakuthambo amene aona nyenyezi yamchira ikubwera kudzaphwanya dziko pakangotha miyezi isanu ndi umodzi, Meryl Streep ngati pulezidenti woganiza za chisankho, pulogalamu ya m'mawa ya pa TV imene imafuna nkhani iliyonse ikhale yopepuka, ndi mkulu wa kampani ya mafoni ya BASH amene akufuna kukumba miyala yamtengo wapatali m'nyenyeziyo. Mark Rylance amasewera mkuluyu ndi mawu aang'ono, osayang'ana munthu m'maso, ndipo ndi wochititsa nthumanzi. Koma filimuyi imatenga mphindi 138 ikukuwa chinthu chimene tinamva m'mphindi 20 zoyamba. Kawiri konse munthu amaimirira pa TV n'kulalata kuti tonse tifa, ndipo kamera imamuvomereza. Woonera amakhala kumbali ya akatswiri kuyambira poyamba mpaka pomaliza, zitsiru n'kukhala anthu ena, ovala zipewa pamsonkhano wandale. Nthabwala imene ndimaikumbukira ndi yaing'ono: mkulu wa asilikali amalipiritsa akatswiri aja tizakudya ta ku White House timene ndi taulere, ndipo katswiri wamkaziyo amakhala akudzifunsabe chifukwa chake mpaka dziko kutsala pang'ono kutha. Pamenepo McKay anasiya ulaliki n'kuyang'ana munthu.

Mapeto a Shaun of the Dead ndi ankhanza kuposa kuphulika kwa dziko konseko. Patapita miyezi isanu ndi umodzi, asilikali athetsa mliri, ndipo matchanelo a pa TV akusinthidwanso. Mitembo yotsala yapatsidwa ntchito: ina ikukankha matrole pasupamaketi, ina ikupikisana m'masewera a pa TV itamangidwa zingwe, ndipo mayi wina akufotokoza papulogalamu ya macheza chifukwa chake sakusiya mwamuna wake womwalirayo. Wa kwathu kuno akaona mtembo ukugwira ntchito yopanda malipiro sachedwa kukumbukira nkhani za ndondocha, ndipo sakulakwa, poti nkhani za zombi ku Haiti, kumene mafilimu a ku America anazitenga, zinalinso za munthu woukitsidwa kuti azilimira wina. Ed nayenso walumidwa, koma Shaun wamusunga m'kashedi atamumanga unyolo, ndipo awiriwo akupitiriza gemu yawo. Kukhala mtembo sikunasinthe kaseweredwe ka Ed ngakhale pang'ono.

Idiocracy ya Mike Judge, ya 2006, ndi imene anthu amaitchula kwambiri masiku ano, ndipo ndi imene imandivuta kuiweruza. Msilikali wamba, Joe Bauers, wosankhidwa chifukwa chokhala wapakatikati pa chilichonse, amagonekedwa m'bokosi kwa chaka chimodzi koma n'kudzuka mu 2505, pomwe amapezeka kuti ndiye wanzeru kuposa onse padziko. Chiyambi chake chimanunkha. Chimati dziko linapusa chifukwa ophunzira ankazengereza kubereka pomwe osauka osaphunzira ankangoberekana, ndipo ganizo limenelo lili ndi mbiri yoipa kwambiri kuti munthu aliseke chabe. Apanso woonera wapatsidwa mpando wapamwamba. Koma filimuyi ikangosiya kufotokoza n'kuyamba kuonetsa, imakhala yakuthwa. Sikirini ya TV yazunguliridwa ndi zotsatsa malonda mbali zonse, pulogalamu yeniyeniyo ili kabokosi kapakati, ndipo pulogalamuyo ndi ya munthu akumenyedwa kumaliseche basi. Wolandira odwala kuchipatala ali ndi mabatani a zithunzi m'malo mwa mawu. Mbewu zikufa chifukwa akuzithirira Brawndo, chakumwa cha ochita masewera, ndipo Joe akafunsa nduna za boma chifukwa chake, zimangobwereza mawu a chitsatso mozungulirazungulira, osadziwa tanthauzo lake. Joe atalamula kuti azithirira madzi, mtengo wa masheya a Brawndo umagwa, kompyuta ya kampaniyo n'kuchotsa yokha ntchito theka la anthu a m'dzikolo, popanda munthu wodziwa kuiimitsa. Mu mphindi 84 Judge ananena zambiri kuposa McKay.

Kampani ya 20th Century Fox inaitulutsa mwakachetechete m'malo oonetsera mafilimu pafupifupi 130 okha, osaitsatsa n'komwe, ndipo anthu anadzaipeza pa DVD. Judge wakhala akufotokoza kuti wokonza zovala wa filimuyi, pofuna nsapato zotchipa zooneka zopusa, anasankha za pulasitiki za kakampani kena kosadziwika. Judge anada nkhawa kuti mwina zidzatchuka, koma wokonza zovalayo anamutsimikizira kuti palibe munthu wabwinobwino angavale zimenezo. Filimu inachedwa kutuluka, ndipo pofika 2006 nsapato za Crocs zinali m'mapazi a anthu paliponse.